Musanagule difu ya pikapu ina, tengani choko

Ngati pikapu yanu imangozungulitsa tayala limodzi m'matope ndipo mwaganiza zoika ekiselo yakumbuyo ya galimoto ina pamodzi ndi difu yake (bokosi la magiya la pakati pa ekiselo, logawira mphamvu ku matayala awiriwo), musangokhulupirira zonena wogulitsa. Kwezani matayala onse akumbuyo a galimoto ya wogulitsayo ndi jeke, giya ili pa nyutulo, n'kuzungulitsa limodzi ndi dzanja. Linzake likamatsatira mbali yomweyo, ndiye LSD imene mukufunayo, difu yopereka mphamvu ku matayala onse awiri ngakhale limodzi likuterera. Likabwerera m'mbuyo, nthawi zambiri ndi difu wamba, yofanana ndi yanu yakale.

Kenako ikani chizindikiro cha choko pa tayala ndi pa propshaft, chitsulo chachitali chozungulira chimene chimabweretsa mphamvu ku difu. Zungulitsani tayala kamodzi, linzake likutsatira mofanana, muwerenge kuti propshaft yazungulira kangati. Ikazungulira kanayi ndi kapang'ono, reshiyo (nambala ya maulendo amenewo) ndi pafupifupi 4.10. Pa 4x4 apa m'pamene pagona nkhani, chifukwa reshiyo ya difu yakumbuyo ikasiyana ndi ya yakutsogolo matayala amalimbana, ndipo transfer case, bokosi logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, ndiyo imavutika mpaka kuwonongeka. Reshiyo ikasiyana ndi yanu, ngakhale mtengo utsike bwanji, isiyeni.

Yezaninso kutalika kwa ekiselo, mabowo a mabawuti ndi pokhalira masipuling'i, osaiwala sensa ya ABS (makina oletsa matayala kukakamira mukaponda buleki). Mukamanga, thirani oyilo wa LSD, apo ayi izilira pokhota.