Malangizo a Kacotsedwe ka Zinyalala mu Thanki ya Makorali

Fumbi lotuwa kapena lofiilila limene limakhazikika pa mcenga, m'ming'alu ya miyala ndi pansi pa sump (kathanki kosefelamo madzi kamene kamakhala pansi pa thanki yaikulu) ndi limene ogulitsa zipangizo amalicha detritus. Limacokela ku ndowe za nsomba, cakudya cotsala, ndele zakufa ndi utomoni umene makorali amatulutsa. Zinyalalazi zifunika kucotsedwa, koma osati zonse, ndiponso osati tsiku limodzi.

Zikaunjikana zimaola. Pakuola zimatulutsa ammonia, imene mabakiteliya amaisandutsa nitrate, ndipo zimamasulanso phosphate. Ziwilizi zikaculuka, ndele zimamela ngati tsitsi pa miyala, cyanobacteria (mabakiteliya ooneka ngati ndele) imayala nsalu yofiila pa mcenga, ndipo makorali olimba amacedwa kukula cifukwa phosphate imasokoneza kapangidwe ka mafupa ao. Komabe zinyalala zomwezo ndiye cakudya ca tizilombo monga ma copepod ndi ma amphipod, nyongolotsi za mu mcenga ndi nkhono. Thanki yoyela mopitilila imakhala ndi njala.

Conco yambani mwapima madzi. Mathanki ambili amayenda bwino nitrate ikakhala pakati pa 2 ndi 10 ppm (magawo pa miliyoni), phosphate pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm. Zikakwela kuposa apa, cotsani zinyalala wiki iliyonse. Zonse ziwili zikaonetsa zilo, lekani mcenga mmene ulili, cifukwa m'madzi opanda cakudya makorali amacita mbuu ndipo ma dinoflagellate, ndele zonanda za tumathovu, amabuka. Amenewa ndi ovuta kuthetsa kuposa ndele wamba.

Nchitoyi icitikile pamodzi ndi kusintha madzi. Pa thanki ya malita 200, konzani malita 20 kutatsala tsiku limodzi. Sungunulani mcele wa makorali m'madzi osefedwa ndi makina a RO/DI (ocotsa zonse zosungunuka m'madzi), muikemo pampu yaing'ono kuti izitakasa usiku wonse. Refractometer, cipangizo copimila mcele m'madzi, ionetse 35 ppt (magawo 35 a mcele pa 1,000), kutanthauza 1.026 pa sikelo ya kulemela kwa madzi, ndipo kutentha kufanane ndi kwa mu thanki, pafupifupi madigili 25 Celsius. Mcele wa pa ndiwo sugwila nchito. Madzi a pampopi kapena a pa borehole naonso ai. A ku Lusaka amadutsa m'miyala ya laimu, ndipo mukawasakaniza ndi mcelewo mlingo wa calcium ndi alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi) umasokonezeka.

Valani magolovesi. Makorali ena a mtundu wa Palythoa ndi Zoanthus ali ndi poizoni wa palytoxin amene amalowela pa cilonda kapena m'maso, ndipo nyongolotsi za minga zobisala m'miyala zimabaya. Musathile madzi otentha pa mwala wa mu thanki, pakuti nthunzi yake imanyamula poizoniyo. Paipi yokokela madzi musaiyamwe ndi pakamwa. Imizeni yonse kuti idzale, tsekani mbali imodzi ndi cala, ndiyeno itsitsileni m'baketi.

Mapampu ali kuyenda ndipo filter sock (kathumba ka nsalu kosefela madzi) yoyela ili pamalo pake, tengani turkey baster (kapaipi kokhala ndi kampila kofinya) mupopele madzi m'ming'alu ya miyala ndi pakati pa nthambi za makorali. Mudzaona fumbi likutuluka ngati utsi. Popelani pang'onopang'ono pafupi ndi makorali a mnofu wofewa, kuti mnofuwo usang'ambikile pa fupa lake. Dikilani mphindi 15 mpaka 20 kuti fumbilo lipite ku sock. Mukatelo zimitsani pampu yobweza madzi, skimmer (makina ocotsa zinyalala pogwilitsa nchito thovu) ndi hita. Hita yagalasi ikatsala pamtunda ili yoyaka imasweka.

Kagwilidwe ka mcenga kamadalila kuya kwake, ndipo apa ndi pamene ambili amaonongela thanki. Ngati ndi wa masentimita 2 mpaka 5, lowetsani mutu wa paipi mpaka pansi, finyani paipi ndi zala kuti mcenga ugwe koma fumbi likwele. Yeletsani gawo limodzi mwa magawo atatu cabe, wiki yotsatila gawo lina, kuti tizilombo tikhale ndi kothawila. Ngati ndi wakuya masentimita 10 kapena kuposa, gwilani sentimita imodzi ya pamwamba basi. Pansi pake palibe oxygen, ndipo mabakiteliya a pamenepo angapange hydrogen sulfide, mpweya wa poizoni. Mukaona mcenga wakuda kapena kumva fungo la mazila oola, imani pomwepo, musavundule. Thilani madzi atsopano, yatsani mapampu ndi skimmer, ikani carbon (makala osefela madzi) watsopano. Mcenga wakale umene sunagwilidwepo kwa zaka suyeletsedwa wonse nthawi imodzi.

Malita 20 akakwana m'baketi, tayani madziwo, thilani atsopano mofatsa ndi kuyatsa zonse. Skimmer ingasefukile kwa kanthawi, conco tsitsani mlingo wa madzi a mkati mwake. Patapita maola awili kapena atatu, cotsani sock. Sock ya tumabowo twa ma micron 200 imafuna kusinthidwa masiku awili kapena atatu alionse, apo ai zinyalala zimangoolela momwemo ndipo zonse zimabwelela m'madzi. Icapeni popanda sopo. Pansi pa sump kokanipo fumbi kamodzi pa mwezi.

Onani ndandanda ya kuzima kwa magetsi musanayambe. Fumbi lovundulidwa likaola limadya oxygen, ndipo mapampu akaima nsomba zimayamba kupuma movutikila. Sankhani nthawi imene magetsi akhalepo kwa maola angapo, ndipo pampu ya mpweya ya mabatile ikhale pafupi.

Zinyalala zikamabwelela pa ngodya imodzimodzi, madzi sayenda bwino pamenepo. Lozetsani powerhead, pampu yoyendetsa madzi mu thanki, kumbuyo kwa miyala. Makorali ofewa amafuna kuti madzi onse a mu thanki azungulile pafupifupi ka 20 pa ola, kutanthauza malita 4,000 pa ola pa thanki ya malita 200, ndipo makorali olimba a mtundu wa Acropora amafuna oposa apa. Cakudya ca mu filiji cisungunuleni m'kapu ndi kukhetsa madzi ake, ndipo patsani nsomba zimene zingathe kudya m'mphindi ziwili.