Nextcloud ndi yaulere, koma luso lanu ndi lolipiritsa

Achinyamata a ku Zomba amene mumadziwa Linux, taganizirani za Nextcloud, pulogalamu yosungira ndi kugawana mafayilo. Ndi ya open source, simulipira laisensi. Ndalama zili pa kuiika, kuisamalira ndi kuphunzitsa anthu. Pitani m'masukulu apulaiveti ku Matawale kapena Chinamwali, komanso m'mabungwe ang'onoang'ono kumene mafayilo amangoyenda m'mafulashi odzadza mavairasi. Aikireni pa kompyuta imodzi ya mu ofesi, aliyense azilowa ndi akaunti yake pa Wi-Fi yomweyo osadya bandulo.

Musalipiritse kamodzi kokha ayi. Mugwirizane za mwezi ndi mwezi, azitumiza pa Mpamba kapena Airtel Money. Chonde, UPS (batire lothandiza kuti kompyuta isazime magetsi akathima) ndi hard drive yachiwiri yosungira backup muziwerengeretu potchula mtengo, chifukwa magetsi akathima mwadzidzidzi disiki n'kuwonongeka, adzaimbira inuyo.