Kudziwiratu za sinowo wa mu Sepitembala pamsewu wa ku Durban: malangizo kwa a Malawi okhala ku Tete

Mwezi wa Sepitembala ukafika, mumzinda wa Tete kumatentha moti dalaivala amene wagona m'thiraki pafupi ndi mlatho wa Kassuende amadzuka malaya ali chinyowere ndi thukuta, ndipo za bulangete palibe amaziganizira. A Malawi ambiri amene tikukhala kuno, kaya ku Moatize, ku Zobue kapena m'tauni mwenimweni, timadyera msewu wopita kumwera kudzera pa Cuchamano, Harare ndi Beitbridge, ndipo ena timapitirira mpaka kudoko la Durban. Msewu wa N3 wochokera ku Johannesburg kupita ku Durban umadutsa pa Van Reenen's Pass, pakati pa Harrismith ndi Ladysmith, m'mapiri a Drakensberg, pamalo okwera mamita pafupifupi 1,700 kuchokera panyanja yamchere. Pamenepa ndi pamene chipale chofewa, chimene ambiri timangochitcha sinowo, chinatseka msewu usiku wa pa 20 Sepitembala 2024, magalimoto ambirimbiri n'kugona pamzere, ndipo mayi wina anamwalira chifukwa cha kuzizira, ngakhale kuti chenjezo linali litaperekedwa kale.

Sinowo wa kumapeto kwa nyengo yozizira amabwera kawirikawiri ndi chimene akatswiri a zanyengo amachitcha cut-off low, ndipo mawu amenewa muyenera kuwagwira pamtima, chifukwa mukawamva pawailesi ndiye kuti zinthu zikhoza kuvuta. Chimene chimachitika n'chakuti mpweya wozizira kwambiri umaduka kuchoka ku mphepo za kumadzulo zimene zimaomba m'mwamba, n'kuyamba kuzungulira pamalo amodzi kwa masiku angapo, uku ukukoka chinyezi kuchokera ku nyanja ya Indian. Chinyezicho chikagunda khoma la mapiri chimakwera, ndipo chikakwera chimazizira. Aliyense amene anakulira ku Thyolo kapena ku Mulanje anaona kale zofanana ndi zimenezi pa chiperoni, kungoti kumwerako mpweya umazizira mpaka madontho amasanduka chipale. Akatswiri amavutika kulosera nyengo yotereyi molondola, chifukwa mpweya wozungulirawo ukasuntha pang'ono, kapena kuzizira kukasiyana ndi digiri imodzi kapena awiri okha, malo amene amayembekezera mvula amadzuka atayera mbee.

Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti munthu amaona pafoni nyengo ya ku Durban, n'kukhutira kuti kuli bwino. Durban ili m'mphepete mwa nyanja, ndipo kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, choncho mvula yowaza pa madigiri 12 kudoko ingathe kukhala sinowo pamwamba pa phiri. Ife a kuno sitiyenera kudabwa nazo, popeza timadziwa kuti munthu amachoka ku Tete atavala malaya okha koma akafika ku Ulongue kapena ku Tsangano amafuna jekete. Muziona nyengo ya ku Harrismith ndi pa Van Reenen penipenipo, ndipo pa mapulogalamu a pafoni monga Windy muzifufuza msinkhu umene mpweya ukufika pa digiri 0. Msinkhu umenewu ukatsikira cha pa mamita 2,000 pomwe mvula ikuyembekezeka, dziwani kuti msewu uli pangozi, chifukwa sinowo amatha kugwa mamita mazana angapo m'munsi mwake asanasungunuke.

Bungwe loona zanyengo la South African Weather Service limapereka machenjezo kuyambira 1 mpaka 10: achikasu ndi 1 mpaka 4, aolenji ndi 5 mpaka 9, ofiira ndi 10. Zimene munaona muli ku Tete zimakhala zitatha ntchito pamene mwataya masiku awiri pamzere wa pa Beitbridge, motero onaninso mukawoloka, ndiponso musananyamuke ku Johannesburg, komanso zimene a N3 Toll Concession, kampani yoyang'anira msewuwo, akulengeza. Ngati pali chenjezo laolenji la sinowo, maganizo anga ndi akuti muime pa Harrismith, kapena pa Ladysmith ngati mukubwerera, ngakhale bwana akhale akuimba foni kufunsa za katundu.

M'galimoto musamasowe mabulangete awiri, jekete lochindikala, masokosi ouma, madzi, chakudya chosafuna kuphika ndi batire yotchajira foni, ndipo thanki ikhale yodzaza musanayambe chitunda. Mukatsekeredwa, khalani m'galimoto momwemo, muzilizako injini kwa kanthawi kochepa mutatsegula windo pang'ono, ndipo muzitsika kukaona ngati sinowo sanatseke paipi ya utsi. Mowa sutenthetsa thupi koma umalitayitsa kutentha, ndipo mbaula imene timaphikira nsima pa Cuchamano isayatsidwe m'kati mwa kabini, chifukwa mpweya wa makala umapha munthu ali m'tulo.