Motorhome ya dizilo kapena ya petulo: mmene mungasankhire muli ku Harare

Kwa ambiri a ife kuno ku Harare, kaya ndi ku Mbare, Highfield, Mabvuku kapena Tafara, ulendo waukulu pachaka ndi wakumudzi: kutuluka ndi msewu wa Mutoko, kudinditsa mapasipoti pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako kukwera mpaka pa Zobue ndi Mwanza. Kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 600. Ngati mukufuna kugula motorhome, ija galimoto yokhala ndi bedi, pophikira ndi thanki ya madzi mkati, iganizireni ili pa msewu umenewu itadzaza katundu. Kuizungulitsa mu Samora Machel Avenue ili yopanda kanthu sikungakuuzeni zoona zake.

Nkhani ya dizilo kapena petulo imagona pa zinthu ziwiri: galimotoyo imalemera bwanji ikadzaza, ndipo idzakhala miyezi ingati ili chiimire pabwalo.

Yambani ndi sikelo

Pezani kachitsulo ka fakitale pafupi ndi chitseko kapena pansi pa mpando, muwerenge GVM, kulemera komaliza komwe galimotoyo imaloledwa kufika. Kenako werengerani zolowamo. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 100 ndi matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50. Onjezani silinda ya gasi, mabatire a m'nyumbamo, anthu, ndi shuga, mafuta ophikira ndi mabulangeti opita kwa achibale. Musaganizire m'mutu, ikwezeni pa sikelo ya magalimoto. Laisensi yatsopano ya Code B imathera pa makilogalamu 3,500. Ikapitirira pamenepo, kafunseni ku VID, ofesi ya boma yoyeza magalimoto ndi madalaivala, ku Eastlea musanalipire ndalama.

Kukwera chitunda

Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse okwera, ndiye kuti kuno imayamba tsiku itaperewera kale 15 peresenti. Izi zimagwira injini za petulo monga 2TR ya malita 2.7 ya mu HiAce, zimagwiranso za dizilo zakale zopanda turbo monga 5L ya mu HiAce ndi 1HZ ya mu Coaster. Turbo imapanikizira mpweya mu injini n'kubweza gawo lalikulu la mphamvu yotayikayo.

Chimene dalaivala amachimva m'manja ndi mphamvu yokoka, yomwe imayezedwa mu Nm. Mu HiAce yochokera ku Japan, injini ya dizilo ya 1KD ya malita 3.0 imapereka 300 Nm kuyambira pa 1,200 rpm, kutanthauza maulendo omwe injini imazungulira pa mphindi imodzi. Ya petulo ya 2TR imafika pafupifupi 240 Nm, ndipo kuti ifike pamenepo iyenera kuzungulira 3,800 rpm. Pa Christmas Pass polowa mu Mutare, kapena pa zokhotakhota za pakati pa Makuti ndi Kariba, ya dizilo imakwera ikung'ung'udza pa giya imodzi, pamene ya petulo imangotsitsa giya n'kumalira. Imakwera ndithu, sionongeka chifukwa cholira, koma mukayendetsa maola asanu ndi atatu phokosolo limatopetsa, ndipo kupitirira lole pa chitunda kumafuna msewu wautali woonekera bwino. Kwa galimoto yolemera kuposa matani atatu, ife sitizengereza: dizilo ya turbo.

Potsika zinthu zimatembenuka. Mukachotsa phazi pa moto, injini ya petulo imadzigwira yokha chifukwa njira ya mpweya imatsekeka. Ya dizilo sigwira kwambiri pokhapokha ili ndi exhaust brake, buleki yogwira injini potseka njira ya utsi, ngati ija ya mu Coaster yomwe imalira ngati mkonono. Ngati mulibe, tsikani ndi giya yomwe mukanakwerera chitundacho, ndipo pa otomatiki ikani pa 2 kapena L mtsetse usanayambe. Pondani buleki molimba kwa masekondi ochepa, liwiro litsike, musiye kuti azizire. Kuwagwiragwira mpaka pansi kumawiritsa mafuta a mabuleki, phazi n'kungomira. Mafutawo amayamwa chinyezi, choncho asintheni zaka ziwiri zilizonse ngakhale galimoto isanayende kwambiri.

Phokoso ndi kutentha

Mu HiAce ndi mu Camroad, kalole ka Toyota komwe amamangapo motorhome, injini ili pansi pa mipando yakutsogolo. Ya dizilo imagogoda m'mawa kukazizira ndipo imanjenjemeretsa makapu m'kabati. Ya petulo imayaka mwakachetechete, ndipo anzanu ogona m'matenti pafupi sadzuka nayo. Tukulani mpando muone labala lozungulira chivindikiro cha injini ndi nsalu yotchinga kutentha. Zikang'ambika, mu Okutobala pa Tete pomwe kutentha kumapitirira madigiri 40, mpando umaotcha ngati chiwaya.

Ma motorhome akuluakulu a ku America okhala ndi injini ya Cummins kumbuyo amayenda mofewa chifukwa amakhala pa matumba a mpweya ndipo phokoso limatsala kutali ndi dalaivala. Koma chiwongolero chili kumanzere, ndi otambalala kwambiri pa misewu yodyeka m'mbali, ndipo kachipangizo kakang'ono kakafa mumadikira masabata. Zimenezi n'chimodzimodzi ndi a petulo a Ford V10, amenenso amamwa mafuta koopsa.

Masamu a mafuta

Musakhulupirire za pakamwa. Dzazani thanki mpaka pampu itadula yokha, yendani makilomita osachepera 200, dzazaninso, mugawe malita ndi makilomita n'kuchulukitsa ndi 100. Tiyerekeze kuti ya dizilo yamwa malita 11 pa makilomita 100, ya petulo 14. Ulendo wa ku Blantyre kupita ndi kubwera, makilomita 1,200, ndi malita 132 pa dizilo ndi 168 pa petulo. Pa makilomita 5,000 pachaka kusiyana kwake ndi malita 150 okha. Chulukitsani ndi mitengo ya mwezi umenewo yochokera ku ZERA, bungwe lolengeza mitengo ya mafuta, muyerekeze ndi ndalama yowonjezera yomwe wogulitsa akufuna pa ya dizilo. Amene amayenda kawiri pachaka angathe zaka zambiri asanaibweze ndalamayo. Amene amayenda makilomita 20,000 amaibweza msanga.

Kumbukiraninso kuti petulo wa pa mapampu a kuno ndi wosakaniza ndi ethanol, nthawi zina mpaka E20, kutanthauza kuti 20 peresenti ndi ethanol. Ethanol ali ndi mphamvu yochepa, choncho pa E20 galimoto imamwa pafupifupi 7 peresenti kuposa pa petulo wosasakaniza.

Walira mvula walira matope

Mphamvu ya dizilo imabwera ndi ntchito yake. Injini ya 1KD imalowa oyilo pafupifupi malita 7, ya 2TR osakwana 6, ndipo pa galimoto yomwe nthawi zonse imakhala yolemedwa, kusintha oyilo pa makilomita 5,000 ndi nzeru. Injini zamakono za common rail zimapopa dizilo pa mphamvu yopitirira 1,300 bar kudzera m'timabowo tating'ono ngati tsitsi. Kamchenga kapena madzi pang'ono zimakanda pampu ndi ma injector, aja opopera dizilo mu silinda, ndipo seti ya ma injector anayi ingadye ndalama yonse yomwe munapulumutsa pa mafuta. N'chifukwa chake dizilo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu ndi woti mumupewe ngakhale atatchipa bwanji. Pansi pa fyuluta ya dizilo pali kampopi kotulutsira madzi. Katseguleni musananyamuke ulendo, mukhetsere m'botolo loonekera mkati. Madzi akakhalamo amakhala pansi, dizilo pamwamba.

Pa 1KD pali vuto lodziwika lomwe lapha injini zambiri. Mawashala a pansi pa ma injector akayamba kudontha, utsi umalowa mu oyilo n'kupanga makala, makalawo n'kutseka kasefa komwe pampu imayamwira oyilo mu sampu. Injini imauma mkati dalaivala asakudziwa. Uzani makaniko kuti akakhetsa oyilo asuzumire kasefako ndi kakamera kudzera pa bowo lokhetsera, ndipo nthawi iliyonse ma injector akachotsedwa aike mawashala atsopano. Lamba wa timing amasinthidwa pa makilomita omwe buku lake lanena, nyale ya T-BELT ikayaka. Injini yakale ya 1KZ ndi yolimba koma ikangotentha kamodzi mutu wake umang'aluka, ndiye radiyeta yake ikhale yoyera ndipo fani izigwira. Ya 2TR ili ndi tcheni m'malo mwa lamba, ndipo zomwe imafuna kawirikawiri ndi mapulagi ndi makoilo, zinthu zomwe makaniko aliyense wa makombi amazidziwa.

Chenjerani kwambiri ndi za dizilo zatsopano zokhala ndi DPF, sefa yogwira mwaye mu ekizozi, monga Sprinter, Ducato ndi Iveco Daily. Sefayo imadziyeretsa potentha mwayewo pa madigiri pafupifupi 600, ndipo izi zimafuna mphindi 20 mpaka 30 za kuthamanga pa msewu wotseguka. Dizilo wa kuno ndi Diesel 50, wokhala ndi salfa wofika 50 ppm, pamene injinizi anazipangira dizilo wa salfa wochepa, wa 10 ppm, wa ku Ulaya ndi ku Japan. Mukamangoyenda nayo kuchokera ku Waterfalls kupita m'tauni, sefa imatsekeka, galimoto imadula mphamvu, ndipo dizilo wosapsa amatsikira mu oyilo. Mukaona oyilo akukwera pa kamtengo koyezera m'malo motsika, ndiye zimenezo. Gwiritsani oyilo wa phulusa lochepa, DL-1 pa za ku Japan, C3 kapena amene buku lake lanena pa za ku Ulaya. Ngati imafuna AdBlue, madzi a mankhwala oyeretsera utsi, nyamulani chigubu chake, poti akatha galimoto imakana kuyaka.

Pa nkhani ya zipangizo, chilichonse chofanana ndi kombi n'chosavuta. Mu Kaguvi Street ndi ku Gazaland ku Highfield za HiAce zimapezeka tsiku lomwelo, ndipo n'chimodzimodzi ku Tete ndi ku Limbe.

Galimoto yoima

Motorhome zambiri zimafera pabwalo, osati pa msewu. Thanki ya dizilo ikakhala theka, mpweya wa mkatimo umachita thukuta usiku, madzi amasonkhana pansi, ndipo m'madzimo mumamera tizilombo topanga ndere zakuda zomwe zimatseka fyuluta. Isiyeni yodzaza. Petulo wa ethanol naye amayamwa chinyezi, ndipo akakhala miyezi yambiri madzi ndi ethanol zimapatukana n'kukhala pansi pomwe pampu imayamwira. Amaumitsanso mapaipi a labala akale. Ngati muli ndi jenereta ya petulo, tsekani mpopi wa mafuta muisiye ilire mpaka izime yokha, kabureta itsale youma.

Kuiliza mphindi zisanu pabwalo sikuthandiza, kumangodzaza chinyezi mu ekizozi. Kamodzi pamwezi itulutseni, muyende theka la ola mpaka injini itenthe bwino ndi mabuleki achotse dzimbiri. Ngati mukudziwa kuti izi simungazikwanitse, ndipo galimoto yanu ndi yaing'ono ngati HiAce, tengani ya petulo. Ikaima nthawi yaitali, kuidzutsa n'kotsika mtengo.

Ya dizilo ili ndi mwayi umodzi m'nyengo yozizira. Hita ya mtundu wa Webasto imamwa dizilo wa m'thanki yomweyo ndipo utsi wake umatulukira kunja, chinthu chabwino kwambiri ku Nyanga mu Juni kukagwa chisanu. Mbaula kapena chitofu cha gasi musawothere mkati mutatseka mazenera. Mpweya wake sununkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Tsiku lokaiona

Pemphani kuti asailize inu musanafike, ndipo gwirani injini ndi dzanja mutsimikize kuti ndi yozizira. Ya dizilo yabwino imayaka msanga nyale ya ma heater plug ikazima. Utsi woyera wosatha ndi ma injector kapena madzi olowa mu silinda, wabuluu ndi oyilo, wakuda ndi dizilo wochuluka kapena fyuluta ya mpweya yotsekeka. Injini ikulira, masulani chivindikiro cha oyilo muchisiye pakamwa pake. Chikamavina n'kukankhidwa ndi utsi, ma ring atha. Idakali yozizira, tsegulani radiyeta muone ngati mukutuluka thovu losalekeza, chizindikiro cha gasiketi kapena mutu wong'aluka.

Dzazani thanki ya madzi, kwezani anthu, mupite nayo msewu wa ku Mazowe. Pobwerera pali chitunda chokwanira kuonetsa ngati singano ya kutentha ikusuntha. Mukafika musazimitse turbo nthawi yomweyo, ipatseni mphindi imodzi kapena ziwiri izizire. Lowani m'nyumbamo mununkhize, mudinize chala m'makona a denga ndi m'mphepete mwa mazenera. Thabwa likafewa, mvula yakhala ikulowa, ndipo kukonza zimenezo kungapose mtengo wa injini.

Ngati mukuitanitsa kunja, funsani ku ZIMRA, bungwe la misonkho, za zaka zake musanatumize ndalama, chifukwa kuyambira 2021 pali malamulo okhwima pa magalimoto opitirira zaka 10. Matayala musawaone mano okha. M'mbali mwake muli manambala anayi pambuyo pa mawu oti DOT: 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala la motorhome limakalamba ndi dzuwa mano adakali atsopano, ndipo likapitirira zaka zisanu ndi chimodzi lisapite nanu pa phula lotentha la pakati pa Changara ndi Tete. Gulani a chilembo C, a magalimoto onyamula katundu, ndipo muwapope m'mawa akadali ozizira.