Kufewetsa tiriga ya mfuti yosakira yotsika mtengo pakhomo

Mlenje amene wagwiritsapo ntchito mfuti yotsika mtengo amaidziwa kamphindi kaja pamene nswala yaima bwinobwino pakati pa galasi lolozera mfuti, chala chikukoka, koma mfuti siikulira, ndipo ikamadzalira imakhala itapendekera kale pambali. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mfuti ngati Savage Axis imalemera pafupifupi makilogalamu 3, ndipo ngati tiriga yake, kachitsulo kamene chala chimakoka powomba, ikufuna mphamvu yoposa makilogalamu 2.5 kuti iwombe, ndiye kuti chala chimodzi chikukankha ndi mphamvu yotsala pang'ono kufanana ndi kulemera kwa mfuti yonse. Kufewetsa tiriga kumachepetsa vutoli, koma ntchito imene mwini mfuti ya chilolezo angaigwire yekha pakhomo ili ndi malire, ndipo malirewo anaikidwa ndi amene anapanga mfutiyo.

Choyamba n'kudziwa mtundu wa tiriga imene muli nayo. Kampani ya Savage Arms ya ku Westfield, m'chigawo cha Massachusetts ku America, imaika tiriga yotchedwa AccuTrigger pa mfuti zake zambiri, kuphatikizapo Axis II, ndipo pa mfuti zosakira imasinthika kuyambira pa mapaundi 2.5 kufika pa 6, kapena kuti kuyambira pa makilogalamu 1.1 kufika pa 2.7. Mudzaizindikira ndi kachitsulo kopyapyala kotulukira pakati pa tiriga. Ruger American, imene inatuluka mu 2012, ili ndi tiriga yosinthika pakati pa mapaundi 3 ndi 5 (makilogalamu 1.4 ndi 2.3), pomwe Tikka T3x ya ku Finland imasinthika pakati pa kilogalamu 1 ndi makilogalamu 2. Axis yoyambirira ija inalibe posinthira, ndipo mwini mfuti yotere achita bwino kugula tiriga ina yathunthu, monga zopangidwa ndi kampani ya Timney, n'kupempha mmisiri wa mfuti kuti amuikire.

Musanagwire chida chilichonse, chotsani magazini (kabokosi kosungira zipolopolo), tsegulani bolt (chitsulo chokhala ndi chigwiriro chimene chimalowetsa chipolopolo ndi kutseka kumbuyo kwa mpope), yang'anani m'chipinda cha chipolopolo ndi maso, kenako pisanimo chala kuti mutsimikize. Zipolopolo zonse zipite m'chipinda china, osati pa tebulo pomwepo, chifukwa pa ntchitoyi mudzakoka tiriga kambirimbiri ndipo maganizo adzakhala ali pa sipulingi, osati pa zimene zili mu mpope.

Yezani kaye kulimba kwa tiriga musanasinthe kanthu, popeza chala chimanama ndipo ambiri amene amalumbira kuti tiriga yawo ndi yolimba kwambiri amapeza kuti vuto ndi litsiro. Pali sikelo zopangidwira ntchitoyi, monga za makampani a Lyman ndi Wheeler, koma amene alibe angathe kugwiritsa ntchito madzi, poti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Pindani waya wolimba kuti ukhale ngowe, ikoleni pakati pa tiriga mfuti itaimikidwa kukamwa kwake kuloza kumwamba, mangirirani botolo la pulasitiki kumunsi kwa waya, ndipo muzithiramo madzi pang'onopang'ono mpaka tiriga itagwa. Pa AccuTrigger ngoweyo iyenera kukanikiza kachitsulo kapakati kaja mpaka kulowa, apo ayi simudzapeza muyezo woona. Bwerezani katatu kapena kasanu, muwonjezerepo kulemera kwa botolo ndi waya, ndipo mulembe chiwerengerocho.

Pa Savage ndi Ruger muyenera kulekanitsa chitsulo cha mfuti ndi thupi lake la pulasitiki kapena la mtengo, pomasula masikuluwu awiri a kunsi mutachotsa kale bolt. Pa AccuTrigger mudzaona sipulingi kumbuyo kwa tiriga, ndipo Savage imagulitsa mfutiyo pamodzi ndi kachida kakang'ono kokhala ndi mpata umene umagwira nsonga ya sipulingiyo. Kupotokola molowera kumene mivi ya wotchi imayendera kumalimbitsa tiriga, ndipo kupotokola mobwerera kumaifewetsa. Mukamva kuti sipulingi yafika pouma, lekani pomwepo, chifukwa pamenepo ndi pamapeto ndipo kukakamiza kumangoipinda. Pa Ruger American pali kasikuluwu kutsogolo kwa nyumba ya tiriga kamene kamazunguliridwa ndi Allen key (kachida kopindika kolowa m'mutu wa sikuluwu), ndipo kukamasula ndiko kufewetsa. Kulikonseko, sinthani theka la mzungulire kapena kuchepera, bwezerani bolt, yezani, kenako pitirizani. Sikuluwu ina iliyonse imene buku la mfuti silinaitchule, makamaka yomatidwa ndi utoto kapena guluu, musaikhudze, chifukwa nthawi zambiri ndi imene imasunga kukula kwa malo amene zitsulo ziwiri zosunga mfuti yotchera zimagwirana.

Funso la pamene muyenera kuimira ndi limene anthu amalakwitsa kwambiri. Pa benchi yoyeserera kuwomba, dzuwa likuwala ndipo mtima uli m'malo, tiriga ya kilogalamu 1 imakoma zedi, koma m'tchire mbandakucha wa mwezi wa June zala zimakhala zitauma ndi chisanu, munthu wakwera phiri akupuma mwawefuwefu, ndipo chala chotere sichimva kuti chayamba kale kukanikiza. Kwa ine, tiriga ya mfuti yonyamula m'tchire isatsike kupitirira makilogalamu 1.4, omwe ndi mapaundi 3, ndipo ngati mfutiyo imagwiridwanso ndi wachinyamata amene akuphunzira kumene, tiriga ikhale yolimbirapo kuposa pamenepo. Tiriga ya makilogalamu 1.6 yoduka mwaukhondo popanda kukwekwereza imawomba bwino kuposa yofewa kwambiri koma yosadziwika pamene igwere.

Mukabwezera chitsulo m'thupi lake ndi kumanga masikuluwu molingana ndi muyezo wa m'buku, pamatsala mayeso amene ndiwo mtima wa ntchito yonse, ndipo onse amachitika mfuti ilibe chipolopolo, italoza kosaopsa. Tsekani bolt mwamphamvu, ngati mmene mungachitire nyama yovulala ikuthawa, kokwana kakhumi, n'kumaona ngati mfuti ikukhalabe yotchera. Kenako, sefuti (kachitsulo koletsa mfuti kuwomba) itachotsedwa, gunditsani thako la mfuti pansi poyala nsanza kapena kapeti, ndipo muimenyenso ndi chikhatho m'mbali. Pomaliza ikani sefuti, kokani tiriga mwamphamvu, chotsani chala, ndiye muchotse sefutiyo. Ngati kamsomali komenya chipolopolo kagwa ngakhale kamodzi pa mayeso onsewa, mfutiyo ndi yoopsa, ndipo muyenera kulimbitsanso tiriga n'kuyambiranso mayeso. AccuTrigger ikafewetsedwa mopitirira imadziulula yokha: chitsulo chotchera chimapulumuka n'kugwera pa kachitsulo kapakati kaja, tiriga imauma osayenda, ndipo muyenera kukweza chigwiriro cha bolt kuti itcherenso. Ena amaona ngati mfuti yawonongeka, pamene kwenikweni yakana kuwomba chipolopolo chimene simunachitume.

Pali njira ziwiri zachidule zimene anthu amakonda kulangizana, kudula sipulingi ndi kupala zitsulo zogwirana ndi tupa kapena mwala wonolera, ndipo zonsezi ndi za mmisiri wa mfuti yekha. Zitsulozo zimagwirana pa kamalo kakang'ono kwambiri, ndipo pa mfuti zambiri kuuma kwake kumakhala kwa pamwamba pokha, kotero kuti mukapala mumafika pa chitsulo chofewa chimene chimadyeka pang'onopang'ono, mfuti n'kudzawomba yokha patapita miyezi ingapo itapambana mayeso onse. Mafuta ambiri ndi guluu womangira masikuluwu nazonso n'zosafunika mkati mwa tiriga. Mu April 2014 kampani ya Remington inapempha anthu kuti aibwezere mfuti za Model 700 ndi Model Seven zokhala ndi tiriga ya X-Mark Pro, zopangidwa kuyambira mu May 2006, chifukwa guluu wochuluka amene analowa m'tiriga popanga ankatha kuchititsa mfuti kuwomba mosayembekezereka. Tsukani tiriga ndi mankhwala ouma msanga, iumitseni, ndipo muisiye yopanda mafuta okhuthala amene amakola fumbi.

Ulendo woyamba ukhale wa kumalo oyeserera kuwomba, osati kutchire. Ikani chipolopolo chimodzi chokha nthawi iliyonse mpaka chala chizolowere pamene tiriga yatsopanoyo ikugwera, ndipo muonenso ngati galasi likulozabe pamene chipolopolo chikumenya, chifukwa kumasula ndi kumanganso masikuluwu a kunsi kumatha kusuntha malowo. Mukawomba zipolopolo 20 kapena kuposerapo, yezaninso ndi botolo lija ndi kubwereza mayeso atatu aja.