Graph theory, yambani ndi pensulo

Anzanga a masamu pa Mzuni, musathamangire kuloweza ma definition a graph theory. Tengani pepala mujambule timadontho, kena Luwinga, kena Katoto, Chibavi, Chiputula, ndiye mulumikize ndi mizere ngati misewu ya kabaza, basi graph ndi imeneyo. Werengani mizere yofika pa kadontho kalikonse, ndiyo degree, mukaphatikiza ma degree onse mupeza mizere ija kuchulukitsa kawiri chifukwa mzere uliwonse uli ndi nsonga ziwiri. Kenako yesani kudutsa mzere uliwonse kamodzi osakweza pensulo, zimatheka pokhapokha timadontho ta degree ya odd tili tiwiri kapena palibe. Katswiri wa masamu Euler anaona zimenezi mu 1736 pa milatho 7 ya mu mzinda wa Königsberg, kumeneko madera onse anayi olumikizidwa ndi milathoyo anali ndi degree ya odd nchifukwa chake kudutsa mlatho uliwonse kamodzi kunkakanika. Ine zinandilowa nditajambula chonchi.