Mukudikira mwana wochokera dziko lina? Umu ndi mmene mungayendetsere moyo wapabanja

Banja lachikhristu likagwirizana zotenga mwana wa dziko lina kuti akhale wawo mwalamulo, chovuta kwenikweni si tsiku lokamutengalo ayi, chovuta ndi miyezi yapakatiyi, nthawi zina zaka ndithu, pomwe mwanayo mukumukonda kale koma nkhope yake simunaione, ku ntchito mukupitabe, kutchalitchi anthu akufunsa Lamulungu lililonse kuti zafika pati, inu yankho mulibe. Nthawi imeneyi ili ndi ntchito zake, nde musangoidikira manja ali mmatumba.

Musanalipire kalikonse fufuzani ngati dziko lomwe mwaliganiziralo lili mu Pangano la ku Hague la 1993 lokhudza adopushoni (kutenga mwana kuti akhale wanu mwalamulo) ya pakati pa mayiko. Panganoli limati mwana apite kunja pokhapokha akuluakulu atayamba aona kaye ngati angapeze banja mdziko lake lomwelo, limati mayi wake avomereze mwana atabadwa kale osati akadali mmimba, ndipo chilolezocho chisagulidwe ndi ndalama. Dziko lililonse lomwe lili mpanganoli limakhala ndi ofesi yake ya boma yoyang'anira zimenezi, nde yambirani kumeneko osati kwa munthu wa pa Facebook amene akuti ali ndi ana okonzeka. Ndikunena izi motsindika chifukwa ana ambiri okhala mmalo osungirako ana ali ndi kholo limodzi kapena achibale amoyo, chomwe chinawafikitsako ndi umphawi basi. Afunseni a ejensi, bungwe lomwe likukuyendetserani za adopushoniyo, mafunso olimba: mwanayu anafika bwanji kuno, anasaina ndi ndani, achibale anafunsidwa? Akamakwiya ndi mafunso amenewa, kapena akamafuna ndalama za pamanja zopanda lisiti, chokanipo ngakhale mtima ukuwawa.

Dziwaninso kuti khomo limatha kutsekedwa muli pakati panjira. Russia inaletsa mabanja aku America kutenga ana kumapeto kwa 2012, Ethiopia inatseka adopushoni ya kunja mu 2018, China nayo inasiya mu 2024 kupatula ya pachibale, ndipo panali mabanja omwe anali atapatsidwa kale chithunzi cha mwana. Kambiranani pano mitima ikadali mmalo kuti zitatero mudzatani, mudzayesa dziko lina, kapena mudzalera mwana wa mdziko lanu lomwelo.

Za mapepala nzosavuta kumva koma nzotopetsa. Gulani fayilo imodzi yayikulu, muyikemo satifiketi ya ukwati, zikalata zakubadwa, kalata ya dokotala, kalata ya ku polisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, mapepala a kubanki, makalata a anthu okuchitirani umboni ndi mapasipoti, kenako chilichonse muchisikane chikhalenso pa kompyuta. Mapepala ambiri amafunika chidindo cha apostille, chotsimikizira kuti pepalalo ndi lenileni, kuti dziko linalo liwavomere, ena amafunika kumasuliridwa. Chomwe chimagwetsa anthu ambiri nchakuti mapepalawa amatha mphamvu, kalata ya dokotala kapena ya ku polisi imatha kutha inu mukadali pamzere, nde lembani pa kalendala tsiku lomwe lililonse lithere ndipo muyambe kulikonzanso nthawi ikadalipo. Mmodzi wa inu akhale woyang'anira fayiloyo koma winayo azidziwa pomwe pali chilichonse.

Kenako pali home study, kafukufuku woona ngati banja lanu lili loyenera kulera mwana. Social worker, wogwira ntchito yoona za umoyo wa ana ndi mabanja, adzabwera kunyumba kwanu, adzayang'ana zipinda inde, koma si fumbi la pa windo lomwe akufuna. Adzakufunsani za ubwana wanu, mmene makolo anu ankakulangirani, mmene mumakanganirana awirinu ndi mmene mumayanjaniranso, ndipo ngati munavutika ndi kusabereka kapena kupita padera adzafuna kudziwa ngati munalira maliro amenewo mpaka kumapeto. Musadikire kuti mafunsowa muyambe kuwamva pamaso pa mlendo. Khalani pansi usiku wina mufunsane nokha, mudzadabwa zinthu zomwe mnzanu sanakuuzenipo chikwatiraneni.

Nkhani ya chilango ndiyomwe ndikufuna muikhalire pansi kwambiri. Ambirife tinakula tikumva Miyambo 13:24 ya ndodo ija, koma ma ejensi ambiri amafuna mulonjeze kuti simudzamenya mwana, ndipo chifukwa chake nchomveka. Mwana amene anasiyidwapo, anasinthidwapo omulera kangapo, mwina anamenyedwapo kale, akaona dzanja likukwera saphunzira kumvera ayi, amaphunzira kuti nanunso si odalirika. Yambani pano kuphunzira njira zina, kumukhazika pafupi nanu akapsa mtima mmalo momuthamangitsira kuchipinda yekha, kuchepetsa mawu, kumuchenjeza nthawi yosintha zochita isanakwane. Maphunziro omwe a ejensi amapereka musawatenge ngati ongokwaniritsa lamulo, pitani nonse awiri ndipo bambo asamangoperekeza.

Banja lenilenilo lisamalidwe. Nthawi zambiri mmodzi amakhala pa foni kuyang'ana imelo mmawa masana usiku, winayo ali phee, nde woyambayo amaganiza kuti mnzakeyo sizikumukhudza pomwe naye zikumudya mkati. Gwirizanani nthawi imodzi patsiku yoyang'ana mauthenga, ndipo pasabata pakhale tsiku loti nkhani ya adopushoni isatchulidwe nkomwe, mucheze zina, mukaone anzanu, mugone msanga. Ndalama nazo zikambidwe poyera chifukwa pali za ejensi, za loya, za viza, za ndege ndi malo ogona, mayiko ena amafuna mupite kawiri kapena mukakhaleko masabata angapo, nde kuntchito auzenitu msanga za tchuthi.

Popemphera musamangopempha kuti zifulumire. Pemphererani mayi amene anabereka mwanayo, agogo ake, ndi anthu omwe akumusambitsa ndikumudyetsa lero. Aefeso 1:5 ndi Yakobo 1:27 ndi mavesi abwino kwambiri, koma samalani ndi kalankhulidwe koti tikukapulumutsa mwana, chifukwa mwanayo akadzakula adzamva ngati ali ndi ngongole kwa inu. Tsiku lomwe inu mukusangalala iye akutaya chilankhulo chake, fungo lomwe analizolowera ndi nkhope zonse zomwe amazidziwa. Mose anakulira kwa mwana wamkazi wa Farao koma sanaiwale kuti ndi Mheberi, mwana wanunso adzafuna kudziwa kwawo ndipo si kusayamika kumeneko.

Nde pokonzekera phunzirani mawu ochepa a chilankhulo chake, monga madzi, njala, chimbudzi, kupweteka, kugona, ndipo yesani kuphika zakudya ziwiri zitatu za kwawo. Dzina lake ganizani kawiri musanalisinthe, mwina nchokhacho chomwe wabwera nacho. Zovala musagule zambiri chifukwa msinkhu simukuudziwa, ndipo masiku ano ana ambiri opita kunja ndi okulirapo, apachibale oti asasiyanitsidwe, kapena odwaladwala ndi olumala, nde pa fomu yofunsa zomwe mungakwanitse yankhani zoona zake osati zomwe zikumveka zauzimu. Lipoti lofotokoza za thanzi la mwana likabwera mukalionetse kwa dokotala wa ana musanavomere.

Achibale ndi a kutchalitchi akonzekeretseni pano. Auzeni kuti masabata oyamba alendo adzakhala ochepa, ndipo womudyetsa, kumusambitsa ndi kumunyamula akalira mudzakhala inu nokha kuti mwanayo adziwe amayi ndi ati abambo ndi ati, apo ayi azidzathamangira kwa aliyense womwetulira. Akadzamuona akubisa chakudya pansi pa pilo asadzamunene wakuba, ndi mantha a njala yakale amenewo, ingomusiyirani kambale komwe angatengepo nthawi iliyonse. Mbiri yake musaisandutse umboni wa pa guwa kapena positi ya pa intaneti, ndi yake, adzasankha yekha woti amuuze. Ofuna kuthandiza apatseni zochita zenizeni ngati kuphika, kuchapa ndi kukugulirani zinthu. Mufunsenso a ejensi za malipoti omwe dziko lake limafuna mwana akafika, mayiko ena amawafuna kwa zaka zingapo, nde masiku akewo alembedwe pa kalendala yomwe ija.